Mitsinje ya ku Lilongwe ndi Diso Loona Kuseri kwa Mitambo

Mu mzinda wa Lilongwe chaka cha 2017 chidayamba ndi madzi, chidathanso ndi madzi. M'mwezi wa Febuluwale mtsinje wa Lingadzi udasefukira nkulowa m'nyumba za ku Mtandire ndi madera oyandikana nawo, mpaka asilikali adachita kubwera pa helikopita kudzapulumutsa anthu amene madzi adawatsekereza. Pa 16 Disembala tsoka lidasamukira kummwera kwa mzinda. Mifuleni imene m'chilimwe mwana amangoilumpha idadzaza, idakokolola nyumba ndi katundu ku Kaliyeka, Chipasula, Mchesi ndi Kawale, ndipo anthu 6 adataya miyoyo.

Pakati pa miyezi iwiriyi padachitika zinthu zina zimene sizidakambidwe m'maminibasi a ku Area 25 kapena pamsika wa Biwi. Mu Juni, bungwe la akatswiri a zakuthambo la International Astronomical Union lidavomereza kuti kanyanja kena ka pa Titan, mwezi waukulu wa pulaneti ya Saturn, kazitchedwa Chilwa Lacus, potengera nyanja yathu ya Chilwa ya ku Zomba. Pa 15 Sepitembala, chombo cha Cassini, chimene chidapeza nyanja ndi mitsinje ya kumeneko, chidamaliza ntchito yake ya zaka 13 polowa mumpweya wa Saturn nkupsa.

Nkhani ziwirizi zili ndi funso limodzi. Mtsinje ukabisika, kaya ndi mitambo, mchenga, chifunga kapena nyumba za anthu, ungauone bwanji? Mbiri ya makomboni a Lilongwe ndi mbirinso ya amene ankaona mitsinje yake, nyengo imene ankaiona, ndi zimene zidawadutsa.

Lilongwe adayambira pamtsinje. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, m'nthawi ya mfumu Njewa, atsamunda adamanga boma pafupi ndi powolokera mtsinje wa Lilongwe, ndipo pofika 1904 malowo adali likulu la chigawo chimenechi. Fodya ndiye adakulitsa malowo. M'zaka za m'ma 1920 azungu monga A. F. Barron wa ku Mbabzi adayamba kugula fodya wa alimi a m'midzi, amwenye adatsegula masitolo, msewu wochokera ku Dedza udakumana ndi wa ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata. Mu 1947 Lilongwe adalandira ulemu wokhala tauni, ndipo chaka chomwecho ndi chimene bungwe la madzi la Lilongwe Water Board limawerengera chiyambi chake.

Anthu a m'midzi yozungulira sankafuna mapu kuti adziwe madzi. Mudzi unkamangidwa pamtunda. Dambo lidali la ng'ombe, la udzu wofolerera, la zitsime za m'chilimwe ndi madimba a mpiru ndi chimanga chachiwisi. Aliyense ankadziwa pamene madzi amalekezera m'dzinja chifukwa bango, nsenjere ndi mitengo ya katope zinkasonyeza malirewo, ndipo akuluakulu ankakumbukira chaka chimene madzi adapyola malire. Nzeru imeneyi sidalembedwe papepala, koma inkagwira ntchito chifukwa wogawa malo ndi wolandira malo onse adakulira pomwepo.

Maso ochokera kumwamba adafika nkhondo yachiwiri itatha. Mu 1946 boma la Britain lidakhazikitsa ofesi ya Directorate of Colonial Surveys, motsogozedwa ndi Martin Hotine, kuti ijambule mapu a maiko amene linkalamulira. Njira yake idali ndege. Ndege zankhondo zimene zidatsala zidaikidwa makamera pamimba nkumauluka mizere yowongoka, kupita ndi kubwerera, uku zikujambula zithunzi zopiringizana m'mphepete. Mafilimuwo ankapita ku Britain, kumene ku maofesi a ku Tolworth, pafupi ndi London, amisiri ankaika zithunzi ziwiri zoyandikana pansi pa magalasi apadera. Zikatero, dziko linkadzuka papepalapo: phiri likutumphuka, khwawa likulowa pansi. Ndi dzanja, mzere ndi mzere, adajambula mitsinje ya Nyasaland pa mapu a sikelo ya 1:50,000, amene mpaka lero ndiwo maziko a mapu ambiri a dziko lino.

Ntchitoyi idali yaluso ndipo tiyenera kuilemekeza. Koma kamera ili ndi chilema chimodzi chachikulu: siona kupyola mtambo. Ndege yojambula inkadikira kuti mvula ithe, kumwamba kuyere, nkuchita changu lupsa lisanadzaze mlengalenga ndi utsi. Choncho mtsinje unkajambulidwa panthawi imene wafooka. Mtsinje wa Mchesi wa pachithunzi ndi Mchesi wa Juni kapena Julayi, kamzere kowonda pakati pa dambo louma. Mchesi wa Januwale, amene amabwera ndi mkokomo usiku atanyamula mitengo, palibe kamera ya m'ndege imene ikadamugwira.

Dziko litalandira ufulu, Dr. Hastings Kamuzu Banda adatsimikiza mtima kusamutsa likulu kuchoka ku Zomba. Britain idakana kuthandiza. South Africa ya nthawi ya tsankho ndiyo idabwereketsa ndalama zokwana marandi 8 miliyoni mu 1968, ndipo pulani yoyamba ya mzinda watsopano idalembedwa ndi akatswiri a ku Johannesburg, Gerke ndi Viljoen. Chaka chomwecho padabadwa bungwe la Capital City Development Corporation, limene anthu ankangoti CCDC, kuti limange mzindawo ndi kuyang'anira malo ake. Mu 1975 Lilongwe adakhala likulu.

Pa nkhani ya mitsinje okonza mzindawo sadali opusa. Ankafuna mzinda wotakasuka, wa mitengo, wogawidwa m'zigawo za Old Town, Capital Hill, Kanengo ndi Lumbadzi, ndipo zigwa za mitsinje adazisiya zopanda nyumba. Nkhalango ya pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa Lingadzi, ndi chotsalira cha maganizo amenewo. Pamene adalakwitsa ndi pa chiwerengero cha anthu, makamaka anthu osauka. Omanga Capital Hill, olondera, ogwira ntchito m'nyumba za mabwana, ogulitsa pamsika, onsewa adawakonzera malo otchedwa Traditional Housing Areas, kumene munthu ankapatsidwa puloti yokhala ndi chimbudzi chokumba nkumanga yekha nyumba malinga ndi thumba lake. Kawale, Biwi, Mchesi, Chilinde, Area 23 ndi Area 25 ndi madera a mtundu umenewu. Ambiri mwa iwo adaikidwa kutali ndi maso a alendo, ndipo malire awo kawirikawiri adali mfuleni kapena dambo.

Manambala a kalembera akufotokoza zotsatira zake mosabisa. Mu 1966 Lilongwe adali ndi anthu 19,425. Mu 1977 adafika 98,718. Mu 1987 adali 223,318, mu 1998 adali 440,471, mu 2008 adali 674,448, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. M'moyo wa munthu mmodzi mzinda udakula kokwana 50. Mapuloti ovomerezeka sadakule motero. CCDC idathetsedwa mu 1984, udindo wa malo udagawikana pakati pa unduna wa za malo, Malawi Housing Corporation ndi khonsolo ya mzinda, ndipo mndandanda wa odikira puloti udatalika mpaka anthu adasiya kuukhulupirira.

Munthu wofika kuchokera ku Dowa, ku Ntchisi kapena ku Dedza sangagone pa mndandanda. Amapita kwa mfumu kapena kwa mwini munda. Umu ndi mmene Chinsapo adakulira kunjira ya ku Likuni, pamalo amene adali minda ndi midzi, mpaka kukhala limodzi mwa madera odzaza kwambiri mumzinda. Umu ndi mmene Mgona adamerera kuseri kwa mafakitale a Kanengo, pafupi ndi njanji ya ku Salima imene idafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, chifukwa wogwira ganyu kokonza fodya amafuna pogona poti afike kuntchito wapansi. Ku Kawale ndi ku Biwi eni mapuloti adamanga nyumba za lendi kuseri, mdadada pa mdadada. Pamtunda patadzaza, malo otsala adali amodzi okha, aja amene pulani idasiya obiriwira. Bungwe la UN-Habitat lidapeza kuti anthu pafupifupi atatu mwa anayi alionse mu Lilongwe amakhala m'malo osakonzedwa ndi boma.

Apa m'pofunika kunena chilungamo, chifukwa madzi akasefukira mawu oyamba kumveka pawailesi amakhala odzudzula amene adamanga m'mbali mwa mtsinje. Palibe mayi amene amasankha kulerera ana pamalo poti madzi angawatenge. Puloti ya kudambo ndiyo yotsika mtengo, nyumba ya lendi ya kumunsi ndiyo imene wogulitsa tomato angakwanitse. Ndipo wobwera saona chimene mwini mudzi wakale ankaona, popeza bango lidadulidwa, katope adalowa mu uvuni wa njerwa, ndipo nkhalamba yodziwa malire idamwalira kapena idasamutsidwa pomanga likulu.

Mitsinje nayo idasintha khalidwe. Dambo limamwa madzi a mvula nkumawatulutsa pang'onopang'ono. Denga la malata, bwalo losesedwa ndi msewu wa phula sizimwa kanthu, zimangotumiza madzi onse kumfuleni nthawi imodzi. Oumba njerwa adakumba magombe, malole adatuta mchenga wa mu Lilongwe ndi Lingadzi kukamangira mzinda womwewo, mapulasitiki adatseka makalavati. Kumtunda, m'nkhalango ya Dzalanyama kumene mtsinje wa Lilongwe umayambira, makala adadya mitengo mpaka asilikali adatumizidwa kukalondera, pofuna kuteteza madamu a Kamuzu ku Malingunde, loyamba la 1966 ndi lachiwiri la 1989, amene mzinda wonse umamwa. Mvula yofanana ndi imene idagwa mu 1970 lero imadzaza Mchesi, Nankhaka ndi Lingadzi mofulumira kuposa kale. Mu Januwale 2019 madzi adabwereranso ku Biwi, Kawale ndi Mchesi, patangopita chaka chimodzi ndi mwezi.

Pamene zonsezi zinkachitika, kutali ndi kuno kunkakula luso lina loonera dziko, losadalira dzuwa.

Rada imanyamula kuwala kwake. Imaponya mafunde a wailesi pansi cham'mbali nkumvetsera amene abwerera. Mafundewa amadutsa mtambo, chifunga, utsi ndi mdima. Zili ngati kuunika ndi tochi usiku pa bwalo pamene pali beseni la madzi: nthaka yokhakhala imabweza kuwala kumaso nkuoneka yoyera, pomwe madzi odekha amakutaya kutsidya nkuoneka bii. Pa chithunzi cha rada miyala ndi nyumba zimawala, nyanja ndi mitsinje zimada.

Mitsinje yoyamba yodabwitsa imene rada idavumbula idali ya mu Africa muno. Mu Novembala 1981 chombo cha Columbia chidanyamula rada yotchedwa SIR-A, yokonzedwa ndi gulu lotsogozedwa ndi Charles Elachi, katswiri wobadwira ku Lebanon. Podutsa pamwamba pa chipululu cha Sahara, kumalire a Egypt ndi Sudan, kumene maso amangoona mchenga wosalala, mafunde a rada adalowa mumchenga woumawo nkukagunda miyala ya pansi. Pa zithunzi padatuluka zigwa zotakata ndi nthambi zake, mitsinje imene idauma kalekale nkukwiririka. Akatswiri atapita kukakumba adapeza nsangalabwi za mumtsinje ndi zida za miyala za anthu amene ankakhala m'mbali mwake. Elachi yemweyo ndiye adadzatsogolera gulu la rada ya Cassini.

Titan adali chinsinsi chakale. Christiaan Huygens wa ku Netherlands adamuona koyamba mu 1655 ngati kadontho pambali pa Saturn. Mu 1944 Gerard Kuiper adapeza kuti ali ndi mpweya wa methane, womwe uja umatuluka ndowe zikamaola. Mwezi umenewu ndi waukulu, makilomita 5,150 kupingasa, kuposa pulaneti ya Mercury. Koma chombo cha Voyager 1 chitamuyandikira mu Novembala 1980, makamera ake adangoona mpira wachikasu chofiirira, wokutidwa ndi chifunga chochindikala mbali zonse. Vuto lidali lomwe lija la ndege za pamwamba pa Nyasaland, kusiyana kwake nkwakuti ku Titan kulibe mwezi wa Juni woti kumwamba kuyere.

Cassini adanyamuka ku Cape Canaveral pa 15 Okutobala 1997. Idali ntchito ya limodzi ya America, maiko a ku Ulaya ndi Italy, ndipo mbale yake yaikulu ya mamita 4, yolankhulira ndi dziko lapansi komanso yoponyera rada, idapangidwa ndi Ataliyana. Atayenda zaka pafupifupi 7 adafika ku Saturn pakati pa 2004. Pa 14 Januwale 2005 kachombo kakang'ono kotchedwa Huygens, kamene Cassini adakabereka ulendo wonse, kadatsika ndi maparachuti kwa maola awiri ndi theka. Katatuluka kunsi kwa chifunga kadajambula zimene aliyense wokulira kumapiri a Dedza angazizindikire: timakwawa tambiri totsika m'zitunda, tikukumana, tikukula, tikukathira m'chigwa. Pamalo pamene kadatera padali timiyala toviringika, tosalala ngati tomwe madzi amagubuduza.

Koma kumeneko madzi sangayende. Kumazizira madigiri 179 pansi pa ziro, ndipo madzi amauma gwaa kukhala mwala. Timiyala tija ndi madzi oundana, mapiri ndi madzi oundana. Chimene chimagwa ngati mvula, kuyenda m'makwawa ndi kudzaza nyanja ndi methane ndi mbale wake ethane, zimene kuzizira kotero zimasanduka zamadzimadzi.

Huygens adaona dera limodzi lokha. Zotsalazo idali ntchito ya rada. Cassini ankazungulira Saturn, osati Titan, ndipo ankangomudutsa mwa apo ndi apo, maulendo 127 m'zaka zonsezo. Ulendo umene rada yapatsidwa mpata inkajambula kachigamba kamodzi kakatali kopapatiza, ndipo mapu ankasokedwa kuchokera ku zigamba zimenezi chaka ndi chaka. Pa 22 Julayi 2006 kachigamba ka kumpoto kwenikweni kadabwera ndi madontho ambiri akuda bii, ena okhala ndi ngalande zolowamo. Zidali nyanja. Kenako padapezeka zazikulu, Kraken Mare ndi Ligeia Mare. Ligeia yekha ndi wamkulu masikweya kilomita pafupifupi 126,000, kuposa dziko lonse la Malawi limene ndi 118,484.

Chithunzi chimene chidagwedeza anthu chidajambulidwa pa 26 Sepitembala 2012. Chikuonetsa mtsinje wakuda, wa nthambi zambiri, woyenda makilomita oposa 400 mpaka kukathira mu Ligeia. Kutalika kwake nkofanana ndi kwa Shire kuchokera ku Mangochi mpaka ku Zambezi. Adautcha Vid Flumina. Kuda kwake kunkasonyeza kuti muli zamadzimadzi, koma asayansi sadakhutire ndi maonekedwe okha. Mu Meyi 2013 adalozetsa rada pansi molunjika kuti iyeze nthawi imene funde limatenga kupita ndi kubwerera. Valerio Poggiali ndi anzake adapeza kuti nthambi zina za mtsinjewo zimayenda m'zigwembe zakuya mpaka mamita 570, ndipo pansi pake pamanyezimira monga momwe madzi osalala amachitira. Pa ulendo womwewo mafunde ena adalowa m'nyanja ya Ligeia, adagunda pansi nkubwerera, ndipo Marco Mastrogiuseppe adawerengera kuya kwa mamita pafupifupi 160. Aka kadali koyamba munthu kuyeza kuya kwa nyanja ya kunja kwa dziko lapansi.

Chimene chikuyenera kutigwira mtima m'nkhaniyi ndi kuleza mtima kwake. Chaka cha ku Titan chimatenga zaka zathu 29 ndi theka, nyengo iliyonse zaka zoposa 7. Akatswiriwo adadziwa kuti chithunzi chimodzi chimanama, choncho ankabwereza malo omwewo patapita zaka kuti aone ngati gombe lasuntha. Mu 2010 adaona chimvula cha methane chitadetsa dera lalikulu la pakati pa mweziwo, nkudzaliona likuyeranso pouma. Nyanja zina adazipeza zodzaza, zina zouma, mabeseni okhaokha. Chilwa Lacus, kanyanja ka makilomita pafupifupi 20 pafupi ndi nsonga ya kumpoto, kali m'dera la tinyanja totere, moyandikana ndi Rukwa Lacus ndi Mweru Lacus, zotchedwa maina a nyanja za ku Tanzania ndi Zambia. Lamulo lake nlakuti nyanja zazing'ono za ku Titan zizitenga maina a nyanja za pansi pano. Asodzi a ku Kachulu, amene adaona Chilwa akuuma mu 1995 ndi kuphweranso mu 2018, amadziwa bwino kuti nyanja siiweruzidwa ndi nyengo imodzi.

Luso limeneli lidafikanso kwathu, mwakachetechete. Mu Febuluwale 2000 chombo cha Endeavour chidakhala m'mlengalenga masiku 11 chikuyeza ndi rada kukwera ndi kutsika kwa nthaka ya gawo lalikulu la dziko lapansi. Mu 2014 zotsatira zake zatsatanetsatane za Africa, muyeso umodzi pa mamita 30 alionse, zidatsegulidwa kwa aliyense. Wophunzira wa ku Bunda kapena ku MUST amene ali ndi kompyuta angatenge manambala amenewa nkuona kumene madzi a ku Area 23, Area 24 ndi Chilinde amatsetserekera, ngakhale pamene mfuleni wakwiriridwa ndi nyumba. Chaka chomwecho, mu Epulo, maiko a ku Ulaya adaponya setilaiti ya rada ya Sentinel-1A, imene zithunzi zake nzaulere.

Sipadapite nthawi kuti ifunike. Mu Januwale 2015 mvula idagwa mosalekeza, Shire ndi Ruo adasefukira, ndipo Pulezidenti Peter Mutharika adalengeza kuti maboma 15 agwa m'ngozi. Anthu pafupifupi 230,000 adasowa pokhala. Mitambo idali itaphimba Nsanje ndi Chikwawa, koma rada idaonetsa madzi akuda atamwazika m'chigwa chonse, ndipo mapu amenewo adathandiza nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi ndi mabungwe kudziwa midzi imene yazingidwa. Zidachitikanso pa namondwe wa Idai mu 2019 ndi wa Freddy mu 2023.

Komabe amene angauze anthu a ku Kawale kuti setilaiti yathetsa vuto lawo akuwanamiza. Madzi a ku Chigwa cha Shire amakhala masabata, ndipo setilaiti imawapeza. Madzi a Mchesi amabwera, amaononga nkupita m'maola ochepa, pomwe setilaiti imodzi ya Sentinel-1 imabwerera panjira yomweyo pakapita masiku 12. Komanso malata ndi zipupa zimabweza mafunde mwamphamvu kotero kuti komboni yothithikana imangowala yonse, madzi a m'tinjira osaoneka. Ngakhale rada ya Cassini pamene inkaona bwino kwambiri sinkasiyanitsa zinthu zochepera mamita mazana angapo. Mchesi akadakhala ku Titan sakadapezeka pamapu. Rada imathandiza Lilongwe mwa njira ina: kuonetsa kutsetsereka kwa nthaka, kutsatira kutha kwa mitengo ku Dzalanyama ndi kufalikira kwa malata m'madambo chaka ndi chaka, ndi kupereka maziko owerengera kumene madzi angafike mvula ikagwa yochuluka chakuti.

Zotsalazo zikufuna maso apafupi. Ena ndi a ndege zazing'ono zopanda woyendetsa, zimene zimauluka kunsi kwa mitambo. Malawi adatsogola pa zimenezi: mu Juni 2017 boma ndi UNICEF adatsegula malo oyeserera ndegezi ku Kasungu, ndipo mu Januwale 2020 sukulu ya African Drone and Data Academy idayamba maphunziro ake ku Lilongwe. Maso ena, odalirika kwambiri, ndi a eni madera. Amayi a magulu osunga ndalama otchedwa Federation, mothandizana ndi bungwe la CCODE, adayendapo nyumba ndi nyumba m'madera ngati Chinsapo ndi Mtandire, kuwerenga mabanja, mipopi, zimbudzi ndi ngalande, nkujambula mapu a malo amene pa mapu a boma ankaoneka ngati mulibe anthu. Mayi wa lendi ku Biwi angakulozeni pakhoma pamene madzi a 2019 adalekezera, ndipo muyeso umenewo palibe setilaiti imene ili nawo.

Chombo china cha ku Titan, Dragonfly, chouluka ndi zipalasiro ngati ndege zazing'ono zija, chikukonzedwa kuti chinyamuke mu 2028 nkukafika mu 2034. Pofika chakacho Lilongwe adzakhala atawonjezera anthu mazanamazana a zikwi, ndipo ambiri a iwo adzafunafuna malo kumene akufunafuna lero, kumunsi, kufupi ndi mfuleni.

Khonsolo ya mzinda, unduna wa za malo, nthambi ya zanyengo ndi masukulu athu a ukachenjede ali ndi zida zokwanira kuti ajambule malire a madzi a Mchesi, Nankhaka, Lingadzi, Likuni ndi Lilongwe, kuphatikiza miyeso ya rada ndi umboni wa anthu amene adasamuka usiku ana ali kumsana. Mapu amenewo alembedwe m'Chichewa, apachikidwe kwa mfumu, kusukulu, kutchalitchi ndi kumzikiti, kuti wogula puloti kapena wofuna nyumba ya lendi awaone asanapereke ndalama. Pamilatho paikidwe mizati yoyezera madzi ndi anthu oiwerenga, kuti a kumtunda azichenjeza a kumunsi pafoni. Ndipo amene auzidwe kuti achoke m'dambo apatsidwe puloti pamtunda, pamalo poti angafike kuntchito ndi kumsika, chifukwa kuwathamangitsa opanda kolowera ndi kuwatumiza kudambo lina. Ntchito imeneyi ichitike m'chilimwe, mvula yoyamba isanagwe.